Shelefu ya Pageti

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndakhala ndikufuna kukuimbirani foni koma ndikulephera, ndiye ndangoti ndilembe.

Mukukumbukira dimba lija ndinkakuuzani monyadira, lomwe tinalima kuseri kwa nyumba zathu za lendi, pomwe panali zinyalala zokhazokha? Munandiseka kuti ine amene ndinaumitsa duwa la m'chitini ndingadyetse ndani. Komatu tinadyetsa anthu, achemwali. Tinali ochepa, ongodzipereka: ine, Aphunzitsi opuma aja a khomo loyandikana nafe, Anamwino a nyumba yakumapeto, ndi ena obwera Loweruka lokha. Dothi lake lakuda bii, lofewa. Kabichi ankachita kukula ngati mutu wa alamu, musakawauze.

Aphunzitsi ndi amene anatiikira lamulo. Anati, "Munthu amene wagona ndi njala safuna kuonedwa. Tikamamuyang'ana kumaso, mawa sabweranso." Choncho tinakhoma shelefu kunja kwa geti. Tikathyola masamba tinkawamanga ndi kachingwe kofiira, n'kuwaika pamenepo, n'kulowa mkati, n'kutseka. Osafunsa, osalemba, osasuzumira. Ukamva mapazi panja umangopitiriza kuthirira, nkhope kukhoma. Lamulo limeneli tinkalinyadira kuposa kabichi amene.

Ine ndinaliswa kamodzi, mukundidziwa ndi maso angawa. Ndinasuzumira pampata wa malata n'kuona mayi wachitsikana woyembekezera, atavala juzi yobiriwira yong'ambika m'zigongono. Ananyamula mipukutu iwiri, anaima, n'kubwezapo umodzi kuti wina apeze. Zinandigwira mtima. Kuyambira tsikulo sipinachi wanthete kwambiri ndinkamuika kumapeto kwa shelefu komwe iye ankafikira, ndimvekere chamumtima, idyani mayi, mwanayo abadwe ndi mphamvu.

Mwezi watha tikukumba bedi latsopano, khasu langa linagunda chinthu cholimba. Kufukula, zigoba za mabatire a galimoto, zophwanyikaphwanyika, mulu wonse pansi pa dothi lathu lokongolalo. Ine kupusa, ndinaseka, ati tapeza mgodi. Anamwino sanaseke. Anatapa dothi m'botolo, anathyola masamba angapo, n'kupita nazo kokayeza. Atabwerako anatiitana tonse pakati pa mabedi.

"Kale pamalo pano ankaphwanyirapo mabatire," anatero. "Dothi ladzaza mtovu, ndipo walowa m'masambamu. Akuluakulufe mwina tipirira. Koma ana aang'ono, makamaka amene ali m'mimba, umawaononga ubongo osamva kuwawa kulikonse. Aliyense amene wadya akayezetse magazi msanga."

Ine ndinafunsa, "Aliyense wakeyo ndi ndani?"

Aphunzitsi anangokhala pa chidebe, chipewa m'manja. Sindinawaonepo atakalamba choncho.

Tayesa, achemwali, Mulungu ndi mboni. Tinamata chenjezo pashelefu, koma wawerenga ndani, wamvetsa ndani, sitikudziwa. Tinagogoda khomo ndi khomo. "Pepani, kodi munkatengako masamba pageti paja?" Aliyense, "Ife? Ayi, ife timagula kumsika." Pakhomo lina bambo akundikanira choncho, kachingwe kathu kofiira kali lende pamsomali kumbuyo kwawo, ana awiri atawagwira miyendo. Ndinawauzabe zokayezetsa magazi. Anati zikomo, tikamva wina amene ankatenga tidzamuuza, n'kutseka chitseko.

Mayi wa juzi uja sindinamupeze pakhomo lililonse. Ndiye ndinagula masamba abwino kumsika, ndinawayala pashelefu, n'kukhala pampando pambali pake kumudikira. Mayo ine, ndinali ngati galu wolondera. Anthu akandiona ankawolokera tsidya lina la msewu, nkhope kumbali ngati akupita kwina. Masamba ankafota ine ndili pomwepo.

Sabata yatha ndinamuona. Anatulukira pakona, akuyenda mwapang'onopang'ono, dzanja m'chiuno, mimba itatsika. Maso athu anakumana. Anaima. Ine m'malo mokhala phee, ndinadzuka n'kukuwa, "Mayi! Taimani kaye!" Mukuona kupusa kwake? Iye anayesa ndikufuna kumuchititsa manyazi pagulu. Anatembenuka n'kulowa m'chikhamu cha anthu pokwerera basi. Ndinathamanga mpaka nsapato kuvuka, koma ayi ndithu. Sanabwerenso.

Dzana tinazula dimba lonse. Aphunzitsi ankazula akulira, osabisa. Tinaunjika zonse mkati mwa mpanda, n'kuphimba ndi pepala lalikulu lapulasitiki, n'kutsindira ndi njerwa, kudikira galimoto ya zinyalala. Galimotoyo sinabwere tsikulo. Dzulo m'mawa titatsegula geti tinapeza lata limodzi la mpanda litakanganulidwa pansi. Njerwa zitasanjidwa bwinobwino pambali, pepala lija litapindidwa mwaulemu, mulu utatsala theka. Amene analowawo anasankha kabichi wabwino yense. Chenjezo lathu lili pomwepo pashelefu, lowerengeka bwino. Anamwino anangoti, "Anawerenga, koma njala yake ndi yalero," basi n'kunyamuka kupita kuntchito.

Ine sindikudziwanso chochita. Chakudya sichikulowa. Ndikaona chovala chobiriwira mumsewu ndimayesa ndi mayi uja, ndipo ndatsatirapo kale anthu osalakwa mpaka kunditukwana.

Mundiperekere moni kwa alamu. Mbewu zomwe munati mutumiza mwezi uno musatumize, mudzale konko. Ana anuwo muwakumbatire m'malo mwanga, muwafunse za kusukulu, muwamvetsere bwinobwino mmene akuyankhira mochangamuka, chifukwa si chinthu chamasewera. Ndipo mukagwada kupemphera musataye nthawi ndi ine. Mupempherere mayi uja. Mmene ndinamuonera, masiku ake akwana, ndipo kwinakwake m'tauni muno akuyembekezera mwana wamphamvu.

Ine mng'ono wanu wokusowani.