Zitenje zinayi pa damu lanu

Okondedwa alongo anga ba Yosefe,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Kuno ku Chelstone tilipo, kungoti miyendo ya amayi yayambanso kutupa.

Loweruka lapitali amayi a Chigwirizano a kumpingo kwathu anabwera kudzacheza ku damu lanu lija. Pokwera boti, mmodzi wa iwo, amake Tisa, anaponda thabwa lowola la pokwerera n'kugwera pakuya paja, chitenje n'kuwakulunga miyendo. Majaketi oyandamitsa anali otsekeredwa m'sitolo yosungiramo katundu, monga munalamulira kuopa akuba, ndipo mlonda anali atapita ndi kiyi kokagula makala. Azimayi anayi anavula zitenje, n'kuzilumikiza, n'kuwaponyera. Tinawakoka tonse. Anasanza madzi amatope, koma ali moyo.

Lolemba kunabwera akhonsolo. Akufuna mpanda, matabwa atsopano, chilolezo, ndi munthu wodziwa kusambira woti aziyang'anira alendo. Zomwezi ndinakuuzani chaka chatha, inu n'kuyankha kuti, "Ingoika chikwangwani chochenjeza." Chikwangwanicho chinalipo, koma sichinavuule munthu.

Ndatopa, alongo. Inu damulo mumalionera pa zithunzi za pafoni. Ine ndi amene ndimakhala benchi imodzi ndi amake Tisa m'tchalitchi. Geti ndatseka. Chonde tumizani zokonzera, ndipo muwaimbire foni amake Tisa muwapepese nokha.

Ambuye akusungeni. Kiyi ya geti ili m'chikwama changa. Ngati mukufuna geti litsegulidwe zinthu zili chonchi, bwerani mudzaime nokha m'mbali mwa madziwo.

Ine mlongo wanu,
Esnati