Achimwene Akuwiritsira Amayi Waya wa Mkuwa

Aphungu,

Ndimagwira ntchito m'labu ya kafukufuku. Timatenga mankhwala a m'makungwa a mtengo wina, kuwayeretsa, kuwalumikiza ndi zitsulo monga mkuwa, n'kuona ngati angaphe maselo a khansa amene timasunga m'timbale tagalasi. Mwezi watha ena anapha maselo ambiri. Sitinawayese ngakhale pa mbewa, koma ine pakamwa panga sipatseka: ndinakafotokoza kunyumba ngati ndatola chozizwitsa.

Amayi ali ndi khansa ya m'mawere ndipo amalandira mankhwala a m'dripi kuchipatala. Amawasanzitsa, tsitsi linayoyoka lonse. Achimwene anga, omwe amakonza magetsi, anangomva mawu atatu: makungwa, mkuwa, khansa. Lamlungu ndinawapeza m'khitchini akuwiritsa makungwa pamodzi ndi waya wosenda bwinobwino, n'kufinyiramo ndimu kuti akuti mkuwa usungunuke. Madzi obiriwirawo amawasunga m'botolo, ndipo amayi akumwa masipuni awiri m'mawa uliwonse. Dripi ya sabata yatha sanapiteko.

Nditakalipa, achimwene anati, "Si iwe unati zimapha khansa? Ngati zangazi n'zolakwika, tibweretsere zenizenizo za kuntchito kwako." Amayi anangoti, "Mwana wanga ndi wophunzira, sangandinamize."

Dripi ina ndi Lachinayi, ndipo akuti sapita. Ndikuopa kuti ndawapha ndi pakamwa panga. Nditani?

T. N., m'tauni momwe muno

Achemwali,

Pukutani misozi, lero pali ntchito. Botololo lichoke kwa amayi lero lomwe, koma musalitaye. Mawa, osadikira Lachinayi, pitani nalo kuchipatala pamodzi ndi amayiwo, muwauze adokotala kuti amwa masiku angati. Mkuwa ukachuluka m'thupi umawononga chiwindi ndi impso, ndiye ayenera kupimidwa magazi asanaikidwe dripi ina.

Achimwene anuwo musawanyoze. Ali ndi mantha ngati inu nomwe, ndipo waya ndi amene anali naye pafupi. Auzeni mwa ntchito yawo: babu ikayaka patebulo loyesera, si ndiye kuti nyumba yonse yalumikizidwa bwino. Chimene chimapha maselo oipa m'kambale chingaphenso abwino m'thupi. Kenako apatseni chochita, aziperekeza amayi ku dripi.

Za kuntchitozo musatulutse ngakhale dontho. Ntchito ingakuthereni, koma choopsa kwambiri n'chakuti mlingo wake pa munthu palibe akuudziwa, ngakhale abwana anu.

Chovuta ndi amayi. Anasiya dripi chifukwa amakhulupirira inu kuposa adokotala, choncho wowabweza ndinu. Khalani nawo pabedi, muwagwire dzanja, munene mawu amene ophunzira safuna kunena: "Amayi, ndinakokomeza. Sitikudziwabe."

Koma chenjerani, musazungulire pofuna kuteteza ulemu wanu. Mwina akhumudwa nanu sabata yonse. Alekeni akhumudwe ali moyo.

Aphungu