Datsun ya Bambo Yapita ku Moatize

Lachiwiri, 3 Junho 2014

Ercília 12:14
achimwene mwaipeza kabuleta ija?

Ercília 12:15
a mestre Laurindo akuti injini ili bwino, chatsala nchimenecho basi

Boaventura 13:40
mestre?? wowotcherera zitsulo ku mgodi lero ndi mestre, katswiri wa magalimoto kkkk

Boaventura 13:41
ndinakuuza kale, inasowa

Ercília 13:44
zonse za Datsun ya bambo zinali mmalo mwake. kabuleta yokha ndiyo inamera miyendo?

Boaventura 13:46
kafunse nkhuku zimene zinkaikira mmenemo

Ercília 13:49
mano, mchimwene wanga, chonde. mpikisano wa magalimoto uli pa 12 Julho, kalabu ya ku Tete yalemba kale dzina langa. msewu wa fumbi, makilomita 40

Boaventura 13:55
kukwawa ndi chilole cha malasha ku Chipanga si kuthamanga. ine ndakonza machapa, maminibasi athuwa, kuno ku Zóbuè zaka 15 koma sunandifunse

Ercília 13:57
ndinakufunsani pa Pasaka. munati tiona

Ercília 13:58
chimwalirireni bambo galimoto yakhala pansi pa mtengo wa mapeyala zaka 13 kudikira tiona wanuyo

Boaventura 14:20
[uthenga wa mawu, 0:47] Tamvera Cília. Tsiku limene tinkathawira ku Mwanza, ine ndi bambo tinachotsa matayala onse anayi n'kuwakwirira kuseri kwa khola kuti asilikali asaitenge. Ndinali ndi zaka khumi. Iwe unali usanabadwe n'komwe. Nkhondo itatha ndine ndinawafukula. Ndiye lero amayi akupatse makiyi ine ndili ku oficina kukonza machapa, ndibwere ndipeze udzu wofota pamene inali?

Ercília 14:31
amayi anati amene aidzutse ndiye mwini wake. sindinabe ine

Ercília 16:05
mano?

Lachisanu, 6 Junho

Ercília 10:22
yafika!! pa chapa ya mmawa, yokulunga mu chitenje

Ercília 10:23
akazi anu a Georgina akuti inali pansi pa bedi lanu, yopaka mafuta bwinobwino

Boaventura 10:50
Georgina ndilankhula naye

Ercília 10:51
musawakalipire alamu anga

Boaventura 11:08
ndimafuna kuidzutsa chaka chino chomwe chino. chisanu chikadutsa

Ercília 11:09
ndikudziwa mano

Boaventura 11:10
sukudziwa kanthu

Loweruka, 14 Junho

Ercília 15:02
[chithunzi: mkati mwa galimoto, mapaipi achitsulo atazungulira mpando]

Ercília 15:03
khola la zitsulo latha! akuti gaiola. ikagubuduzika denga silingandiphwanye

Boaventura 15:30
mowotchereramo ngati phala lotayika

Ercília 15:32
kkkk a Laurindo alumphapo ndi miyendo iwiri, silinagwedezeke

Boaventura 15:33
mipando yakumbuyo ili kuti?

Ercília 15:35
tachotsa. wailesi, kapeti, zonse. ikufunika kupepuka

Boaventura 15:36
ndinkakhala pampando umenewo popita ku misa

Ercília 15:38
sindinautaye, uli pakhonde. ndikutumizirani

Boaventura 15:52
nanga wapambali pakowo ngwa ndani

Ercília 15:54
a Laurindo. azindiwerengera msewu, khona lamanja, dzenje, mlatho, choncho

Boaventura 15:55
[uthenga wafufutidwa]

Boaventura 15:58
munthu wa ku Mutarara awerenga bwanji misewu ya kuno

Ercília 16:00
inu mukanavomera?

Ercília 17:45
mukanavomera mano?

Loweruka, 21 Junho

Ercília 11:11
[uthenga wa mawu, 0:19] (injini ikutsokomola kawiri, kenaka ikulira, Ercília akuseka, wina akuimba mluzu)

Ercília 11:12
YALIRA

Ercília 11:12
apatseni amayi amve

Lamulungu, 22 Junho

Boaventura 13:17
amva. atenga foni yanga ku tchalitchi amvetsa gulu lonse la kwaya. akuti mwana wanga wadzutsa galimoto ya abambo ake

Boaventura 13:19
a Ambrósio a kwaya andifunsa pagulu kuti kodi iwe Boaventura si makaniko?

Ercília 13:25
pepani

Boaventura 13:26
upepesa chani, ntchito ya ku mgodi ndi yako, nyumba ya malata ndi yako, Datsun ndi yako. ine anga ndi machapa otha

Ercília 13:30
mwaimva bwanji koma injini? makutu anu ndi akuthwa

Boaventura 13:44
ikulira

Lachitatu, 25 Junho

Ercília 16:48
[chithunzi: kunsi kwa galimoto]

Ercília 16:49
mapaipi a mabuleki atsopano. taikanso ekizozi yaikulu. Loweruka tikaiyesa pa msewu wa Kambulatsitsi

Ercília 16:50
taonani bwinobwino, pali cholakwika? ndikufunsa inu, osati Laurindo

Boaventura 17:02
[uthenga wafufutidwa]

Boaventura 17:04
[uthenga wafufutidwa]

Boaventura 17:21
mestre wako waona kale

Ercília 17:23
mwafufuta chani?

Ercília 18:10
chabwino

Loweruka, 28 Junho

Ercília 07:12
tanyamuka. mundipempherere ngakhale mwakwiya

Boaventura 09:41
Cília

Boaventura 09:42
[waimba, sanayankhe]

Boaventura 09:43
usatsike mtunda ndi liwiro. ima kaye, ndikufotokozere za mabuleki

Boaventura 09:50
[waimba, sanayankhe]

Boaventura 10:26
yankha foni iwe

Ercília 11:46
a Boaventura, ndine Laurindo, ndikulemba pa foni yawo. tagubuduzika pa khona potsika mtunda. anaponda buleki inangolowa pansi

Ercília 11:47
ali moyo, akulankhula. dzanja lamanzere lathyoka. tili ku chipatala ku Moatize

Boaventura 11:48
mutu? msana?

Ercília 11:52
ali bwino. tatembenuka kawiri koma gaiola yagwira. ine ndangokalika pachipumi. amayi muwauze pamaso, osati pafoni

Ercília 11:58
mlandu ndi wanga. mapaipi ndinaika ndine. ndakhala pano kuganiza, sindikuona pamene ndinalakwitsa

Boaventura 12:15
paipi yakumbuyo yadutsa pafupi ndi ekizozi. ikatentha mafuta a mabuleki amawira, buleki imatha

Ercília 12:17
eee. ndi zoona

Ercília 12:19
koma mwadziwa bwanji, inu galimoto simunaione?

Ercília 12:40
a Boaventura?

Lamulungu, 29 Junho

Boaventura 06:55
[uthenga wa mawu, 1:06] Cília, ndine. Ndinaiona paipiyo Lachitatu, pa chithunzi chija. Ndinalemba kawiri, ndinafufuta kawiri. Dzulo m'mawa ndili pansi pa chapa ndinakumbukira kuti msewu uja uli ndi mtunda, ndiye ndinaimba, koma unali utapita kale. Laurindo asadziimbe mlandu yekha. Iye sanadziwe. Ine ndinadziwa. Basi, ndimafuna umve kwa ine.

[Ercília wamvera 07:30]

Lolemba, 30 Junho

Boaventura 08:04
dzanja lili bwanji

Boaventura 12:33
amayi akufuna kubwera Lachinayi ndi mbatata ndi manachesi

Boaventura 17:10
nditukwane bola

Lachitatu, 2 Julho

Ercília 09:15
ndikulemba ndi dzanja limodzi ndiye sindichulutsa

Ercília 09:17
ndinakufunsani inu. ndinati inu, osati Laurindo

Boaventura 09:18
ndikudziwa

Ercília 09:21
mumafuna ndife?

Boaventura 09:21
ayi!! Mulungu akuona

Boaventura 09:26
ndimaganiza mabuleki angofooka, muima pamsewu, mestre asowa chochita, undiimbira ine. ndibwera ndikonza anthu akuona. amayi amva

Boaventura 09:27
za mtunda uja sindinaganize

Ercília 09:34
ku ntchito andiimitsa masabata asanu ndi limodzi. a Laurindo ali ndi ana atatu, mutu wawo unadutsa chala chimodzi kuchokera pa mwala. zonsezi kuti amayi amve

Boaventura 09:40
ndalakwa ine

Ercília 09:42
za paipi ija amayi ine sindinawauze. muwauza nokha asanakwere chapa mawa

Boaventura 14:52
ndawauza

Boaventura 14:53
anangotenga khasu nkupita kudimba

Lachinayi, 10 Julho

Boaventura 10:05
mpikisano ndi mkuja. ukaonerera?

Ercília 13:20
ayi

Ercília 13:24
galimoto taikoka. denga lapindika, magalasi onse aphwanyika, injini ndi yamoyo. pali mpikisano wina Outubro

Boaventura 13:26
ukufunabe kuthamanga?

Ercília 13:27
khona lija ndinalilowa bwino. ndikufuna ndidziwe ndikanalituluka bwanji

Ercília 13:31
a Laurindo akuti mabuleki sadzawakonzanso okha. akuti munthu woona vuto pa chithunzi cha foni ndi amene aike mapaipi

Boaventura 13:33
akudziwa zimene ndinachita?

Ercília 13:33
anamvera uthenga wanu wonse

Boaventura 13:40
ndiye akundiitana ndi Laurindo, osati iwe

Ercília 13:41
inde

Boaventura 13:49
pampando wapambali akhalabe iyeyo?

Ercília 13:50
inde

Loweruka, 12 Julho

Boaventura 08:12
ndatsika pa Moatize. ndili ndi paipi mamita anayi ndi masipanala anga

Boaventura 08:14
galimoto ili kwa Laurindo kapena kwako? kwako sindinafikeko chisamukireni

Boaventura 08:35
Cília ndaima padzuwa

Boaventura 08:58
ngati sukufuna nena, chapa yobwerera ikudzaza

Ercília 09:06
kudutsa njanji, mukhote pa mpopi, geti lobiriwira. mupeza a Laurindo pansi pa galimoto

Ercília 09:07
ine ndili pakhonde. musandipatse moni kaye