Anankafumbwe a m'ndakatulo yanga

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Mpanshya mvula inadula msanga, chimanga sichinadzaze nkhokwe. Alamu anga ba Ngoza anachira mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Achimwene akadali ku Lusaka, sanamuonebe.

Ndalakwa, Amayi. Pa Misa yokukumbukirani ndinalemba ndakatulo. Ndinailemba katatu kuti pasakhale chofufuta, koma manyazi anandigwira, ndiye anaiwerenga ndi akatekisiti. Munali mzere wakuti, "Anankafumbwe analowa pamodzi ndi zokolola, anakudyani m'kati ife tikuona khungu losalala." Ine ndimanena matenda aja. Ndinaona mmene munapepukira, ngati njere yooneka yabwino koma ukaifinya ndi ufa wokhawokha.

Anthu anamva zina. Akuti amene analowa pakhomo pathu nthawi yokolola ndi ba Ngoza, pamene achimwene anawatenga ku Shikabeta. Tsopano kuchitsime sawapatsa moni. Palibe wabwera kudzanyamula mwana. Amalume akuti mwezi ukatha abwerere kwawo, eti ndi mfiti. Ba Ngoza omwe aja ankakusambitsani, osanyansidwa!

Ndinapita kwa amalume, ndinati sindimatanthauza munthu. Anandiyankha kuti, "Iwe mwana, dzanja lako linalemba zimene mtima ukudziwa. Ngati ndi matenda, bwanji sunangoti matenda?" Liwu lakuti matenda linali laling'ono, silikanakukwanani.

Mukamapeka nyimbo za kwaya munkandiuza kuti, "Usandifunse tanthauzo, iwe imba, adzamva okha." Amvadi okha, Amayi, koma aliyense wamva chimene anabwera nacho kale. Kodi tanthauzo ndi la wolemba kapena la womva? Ine sukulu ndinalekera giredi seveni, sindidziwa. Ndikudziwa chabe kuti mawu ndi anga, koma akulira ndi wina.

Ba Ngoza sanandikalipire. Anangondifunsa ngati inenso ndimaganiza choncho, kenaka anapitiriza kuchapa matewera.

Khadi lanu la kuchipatala ndalipeza m'Baibulo mwanu. Lamulungu likubwerali, Misa ikatha, ndidzaimirira ndekha, sindidzapatsa munthu pepala. Ndidzatchula dzina lenileni la matenda anu, khansa, popanda kuliveka chilichonse. Kenaka ndidzabereka mwanayo mpaka kunyumba, onse akuona. Kaya adzandimvera, kaya ayi. Mawu akandithawa pakamwa, mundigwire paphewa monga munkachitira.

Ndikukulonjezani, ba Ngoza akachotsedwa pano, mtolo wawo ndidzasenza ndine mpaka ku Shikabeta.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tisa