Mzere wa Nambala Yanu

Ntengo-Wambalame
14 Outubro 2024

Okondedwa achimwene a Osório,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa la chaka chino, mayo ine!

Khalani pansi kaye, ndiulule. Mukukumbuka kakomputadori munaika m'nyumba yosungira mbewu ya mbatatesi ya asosiyasau, bungwe lathu la alimi lija, kaja kamayatsa vintuinya yokupiza mphepo kukatentha? Ine ndinatopa ndi kupalasa njinga kukasintha magarau, nambala ya mlingo wa kutentha ija, ndiye ndinalemba programa yanga yoti ndizisintha pa foni. Ndinadziona katswiri.

Lachitatu ndinatumiza 18 m'malo mwa 22. Programa yanga, m'malo mosintha mzere umodziwo, inalemba fisheiru yonse, fayilo ya makonzedwe ija, mwatsopano. Munangotsala mzere wa magarau basi. Mizere yanu yonse, ya vintuinya, ya nambala zolandira uthenga wa ngozi, psiti! Vintuinya inaima masiku awiri ine osadziwa. Anandiitana ndi a Iolanda osunga kiyi: "Ernestina, muno muli ngati mu uvuni!" Mbewu ya mabanja makumi anayi, achimwene.

Kukuyimbirani ndinachita manyazi. Ndili kulira pakhonde, bambo analowa m'nyumba nkutuluka ndi kafulashi munasiya tsiku lija munakangana nawo. Zaka zitatu akusunga m'thumba la jekete ya kutchalitchi! Fisheiru yanu yakale inali momwemo. Nditaibwezera vintuinya inalira, ine ndinakhala pansi pa simenti nkuyamba kuseka. Tataya matumba awiri okha.

Tsopano programa ndaikonza. Imayamba yasunga kope, imafunafuna mzere wa magarau, imasintha nambala yokhayo, zina zonse osakhudza. Ndayesa kakhumi. Ngakhale mawu anu aja akuti "Ernestina usagwire apa" akadalipo, ndawaona, zikomo.

Pali mzere wina. Pa nambala za uthenga wa ngozi, yoyamba ikadali yanu yakale ija munataya. Ndinati ndiifufute. Bambo, amene sanakutchuleni dzina chichokereni, anaima kumbuyo kwanga nkunena kuti, "Mesa wati umasintha umodzi osawononga ina? Ikapo yatsopano ya mkulu wakoyo."

Ndaikapo. Ndiye mukalandira uthenga kuti kuno kwatentha, musadabwe.

Amayi akupereka moni. Bambo sanapereke, koma afunsa kawiri ngati chapa ya ku Tete, minibasi imene mungabwerere ija, imafikabe Loweruka.

Ndine mlongo wanu wosamva,
Ernestina