Malovu Anga M'kabotolo

Lachitatu, mwezi wa Juni. Kunja kwazizira tsiku lonse, koma ine mtima ukutentha.

Ndinapita kuchipatala ku Lisungwi chifukwa cha chiseyeye changachi. Nkhama zikutuluka magazi, ndipo dzino lina layamba kugwedera. Adokotala a mano amene abwera kuchokera ku Blantyre anandipatsa kabotolo kuti ndilavuliremo. Akuti malovu amaulula mmene matenda alowerera m'nkhama. Ndinalavula, anali ofiira. Iwo analemba dzina langa pakabotolopo.

Nditafika kunyumba ndinawauza amuna anga. Anangoti chilili pakhomo. "Amake Chifundo, malovu anu mwapatsa mlendo, dzina lanu lili pomwepo? Simudziwa kuti anthu amalodzedwa choncho?" Akuti mawa ndikakatenge kabotoloko, apo ayi akanena kwa atcheyamani a chipani kuti kuchipatala akutolera malovu a anthu.

Akanene. Ine sindikakatenga. Chiyambire ubwana wanga ndikalavula ndimafotsera ndi phazi monga anatiphunzitsira makolo, ndipo palibe mfiti inawatolapo. Komabe mano anga awiri anaguluka kale, nanga anaguluka bwanji? Pa gule wa chipani amayi anzanga amandiimika kumbuyo chifukwa cha fungo la m'kamwa, ndimayimba dzanja lili pakamwa. Za zimenezo bambowa sananenepo kanthu.

Adokotala anati ndipitenso Lolemba. Ndipita, ndipo akafuna kabotolo kena ndikadzaza. Zaka zonsezi malovu anga ndakhala ndikupatsa dothi, koma dothilo silinandiuzepo chimene chikundidya m'kamwa.