Fumbi la M'chipinda Chachinayi

Lolemba, 4 Malichi

Kodi adakhazikitsa ndani lamulo loti buku lisanachotsedwe mulaibulale, munthu aziligwira kaye m'manja, limodzilimodzi? Nanga kompyuta tidaguliranji? Yandipatsa mabuku 612 osabwerekedwa zaka khumi. Bi Zuhura, mayi omwe ndi bwana wathu, akuti ndikakonza Chipinda Chachinayi pofika Lachisanu kuti mulowe makompyuta a ophunzira, andilembera kalata yoti ntchito yanga ikhazikike. Ndayamba basi kudinda mabukuwo chidindo choti achotsedwa.

Lachiwiri, 5 Malichi

Mabuku 300, onse m'makatoni! Dzanja lafiira ndi inki ngati ndapha nkhuku. Mzee Kibwana, bambo achikulire omwe agwira ntchito ya pamashelefu zaka makumi atatu, amangondiyang'ana uku akumwa tiyi. "Mwanangu Tumaini, digiri yakoyo ili ndi mawilo?" Ndaseka mpaka misozi. Masana andigulira chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira. Munthu wabwino, kungoti wochedwa.

Lachitatu, 6 Malichi

Wogula mapepala wabwera ndi sikelo yake kudzaona katundu. Akuti magazini ndiwo amakulunga bwino nsomba. Tsiku lokoma.

Lachinayi, 7 Malichi

Ndikuti ndidinde mabuku ena obiriwira, malipoti a nthaka ya m'boma lino a 1974, Mzee andigwira dzanja.

"Pititsa chala pamwamba pake."

Mbee, palibe fumbi. Buku la pambali pake, chala chonse bii.

"Awa saloledwa kutuluka, n'chifukwa chake kompyuta yako siiwadziwa. Ana a zaulimi amawerengera pomwepa. Ndipo ena ngati awa kulibe, ngakhale mumzinda waukulu wa Dar."

Ndafunsa kuti oterewa alipo angati m'makatoni ndamanga kale aja. "Ine ndidziwa bwanji? Funsa chala chako." Apita kukaswali kumzikiti. Kumasula makatoni onsewo ndiye kuti za mawa zalephereka.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndalowa kwa Bi Zuhura, ndapempha sabata ina.

"Ndiye kuti kalata ija idikiranso."

"Idikire, mama."

Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kibwana wakudyetsa chiyani iwe?" Koma avomera, ndipo ndawaona akubisa kumwetulira.

Wa sikelo uja ndamuimbira kuti asabwere lero kudzatenga makatoni. Wadandaula za mafuta a bajaji, kanjinga kake kamoto ka mawilo atatu, zake zimenezo. Mzee andibwereka chovala chawo chogwirira ntchito, manja ake ndachita kupinda katatu. Ndakhala pansi pasimenti, ndadula chingwe cha katoni yoyamba.